Moni wa Atsibweni

Wakabaza ananditsitsa pamene msewu unathera, natembenuza njinga osaizimitsa n'komwe. Mdima unali utagwa. Chiperoni chikuwaza. Kumanja tiyi, kumanzere tiyi, kutsogolo kosaoneka. Ine wobadwira ku Ndirande mdima wotere sindinkaudziwa. Kwathu usiku umabwera ndi mababu ndi nyimbo za m'mabala.

"Tsatani fungo la utsi, mupeza malayini a antchito," anatero wakabazayo. Anapita.

Ndinaima ndi chikwama kumsana, laputopu ili momwemo. Ntchito yanga ndi yokonza mafoni. Sindikhalitsa pamodzi. Lero Limbe, mawa Luchenza, mkuja ku Muloza. Anthu akayamba kundiitana ndi dzina, ndimamanga katundu.

Tochi inatulukira m'tiyi muja.

"Ndinu a mafoni aja?"

"Ndine, madala."

"Mwachedwatu. Odwala akhala akufunsa."

Anali a Yesaya, bambo wamtali wowerama, wodulira tiyi pa esiteti imeneyo. Anandipeza pamsika wa pa boma la Thyolo masiku angapo m'mbuyomo, nandiuza nkhani yawo ali chiimire. Mlongo wawo, mayi Teleza, atchola tiyi kuyambira utsikana wawo. Tsopano chipatala chawabweza kunyumba. Mwana wawo ndi mmodzi yekha, Tisungane. Anapita ku Ulaya ndi sukulu, osabweranso. Nambala anasintha. Mauthenga a pa Fesibuku satsegula. Koma mphunzitsi wina wa pa esitetipo anaona chilengezo chakuti Tisungane ayankhula pa webina, msonkhano wa pa intaneti, wokamba za ana a m'minda ya tiyi.

"Tikufuna adziwe kuti mayi ake atsala pang'ono," anatero tsiku limenelo. "Abwere. Zikakanika, angoyankhula nawo."

Ndinavomera. Mwina chifukwa kumeneko ndinali ndisanapondeko.

Nyumba inali ya kumapeto kwa layini, ya njerwa zakale, malata akuda ndi utsi. M'kati netiweki munalibe. Ndinazungulira ndi foni m'mwamba mpaka ndinaipeza pakona ya khonde, pamene mphepo imawomba kwambiri. Pamenepo ndiye tinaika mpando, pampandopo laputopu.

"Ndiye kuti odwala atuluke?" anafunsa a Yesaya.

"Palibe kuchitira mwina."

Anawanyamula pa mphasa, a Yesaya kumutu, kumiyendo mayi wina wojintcha wa nyumba yoyandikana, a Mervis.

"Gwirani bwino, a Yesaya! Si dengu la tiyi ili."

Mayi Teleza anali ochepa ngati mwana. Mafupa okhaokha m'bulangeti. Koma kumutu anawamanga duku yatsopano, kumaso atawadzoza mafuta mpaka kunyezimira.

"Mwana asaone ngati tinawataya," anandinong'oneza a Mervis.

Anthu a m'malayini anasonkhana pabwalo. Amuna m'majekete a kutchalitchi, amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri. Ndinaona kuti ndinene msanga.

"Pepani, makolo. Msonkhano uwu ife tiwaona, tiwamva. Koma iwo sationa. Satimvanso."

"Nanga tiyankhula bwanji?"

"Polemba. Pali kabokosi ka mafunso. Woyendetsa msonkhano amasankha oti awerenge."

"Msonkhano wanji umenewo?" anatero a Mervis. "Kutchalitchi komwe abambo amationa tikamasinza."

Anthu anaseka. Mayi Teleza sanaseke. Ankakonza duku yawo. Kaya sanamve, kaya sanafune kumva.

Kuti tilowe panafunika dzina.

"Ndilembe la ndani?"

"Langa," anatero a Yesaya.

"Bwanji la mayi ake? Akaona Teleza..."

"Mwinimbumba ndine. Nkhani ya matenda imatuluka pakamwa pa atsibweni. Mayi sadzilengezera yekha kuti ndikufa." Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Si choncho, achemwali?"

"Ndi choncho, achimwene."

A Mervis anayang'ana kumbali. Ndinalemba Yesaya.

Poyamba panalira kanyimbo. Kenako panatulukira mzungu wamkazi, kumbuyo kwake mabuku mpaka kudenga. Anatilandira tonse m'Chingerezi. Amuna a pabwalo anavula zipewa. M'mbali mwa sikirini mayina ankathamanga ngati nyerere: moni wochokera ku Nairobi, moni wochokera ku Colombo, moni wochokera kwakuti. Anthu mazanamazana, aliyense m'chipinda chake.

Woyamba kuyankhula anali bambo wa magalasi. Anaonetsa mizere yokwera ndi yotsika. Anaonetsa chithunzi cha mayi akutchola tiyi, akumwetulira mano onse pamtunda.

"Ameneyo akusekerera chiyani?" anatero a Mervis. "Sanapondepo njoka m'mawa."

Netiweki inkadukaduka. Bamboyo ankauma kukamwa kuli yasa, kenako n'kuyambiranso. Chiperoni chinkalowa pakhonde. Mayi Teleza ankatsokomola chifuwa chochokera pansi, ndipo nthawi iliyonse ndinkadzifunsa ngati si ine ndikuwapha ndi mphepo imeneyi.

Kenako anatulukira iye.

Mtsikana wa nkhope yowala, tsitsi lometa, juzi yofiira. Kumbuyo kwake khoma loyera lopanda kanthu.

"Ndidzutseni," anatero mayi Teleza.

A Mervis anakhala kumbuyo kwawo, nawatsamiritsa pachifuwa.

"Ndi yemweyo. Onani mpata wa m'mano uwo." Mayi Teleza anatambasula dzanja, osafika pa sikirini. "Tisu. Tisu, wanenepa." Anapitiriza m'Chilomwe, motsitsa, mawu amene ine wa m'tauni sindinawamve. Tisungane ankayankhula Chingerezi chake chothamanga, maso ali pa ife ndendende. Kamera imatero. Aliyense amaona ngati akuyang'ana iye.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Yesaya.

Ndinayamba kumasulira. Akuti anabadwira m'malayini a ku Thyolo. Akuti mayi ake ankamugoneka pansi pa mtengo, iwo ali m'mizere. Akuti fungo la masamba onyowa mpaka lero limamudzutsa usiku. Anthu ankavomereza ndi mitu. Wina anati, "Eya, mwana wathu ameneyo."

Kenako pakati pa Chingerezi chija panagwa liwu la kwathu. Atsibweni.

A Yesaya anawongoka. Nkhope inawala.

"Mwamva? Wanditchula. Akundikumbukira."

Ine ndinali nditasiya kumasulira.

"Nenanitu, achimwene. Akuti chiyani?"

Ndinayang'ana a Mervis. Anandiyang'ananso osaphethira.

"Akuti tsiku lina atsibweni ake anabwera kusukulu. Anamutulutsa m'kalasi anzake akuona. Anamupatsa dengu lalikulu kuposa iye. Akuti pakanapanda masisitere, bwenzi lero ali momwemo."

Pa sikirini timitima tofiira tinkakwera m'mwamba, anthu akutali akumumvera chisoni.

"Chaka chimenecho kunali njala," anatero a Yesaya, osauza munthu. "Alamu anali atangomwalira. Nyumba iyi ndi ya esiteti. Popanda wogwira ntchito wachiwiri akanawatulutsa. Ndikanatani?"



Mzungu uja anabweranso. Anati yakwana nthawi ya mafunso, koma nthawi yatha kale, awerenga ochepa. Kabokosi kanayamba kudzaza.

"Madala, ino ndiye nthawi. Ndilembe kuti mayi ake akudwala kwambiri, ali pompano akumuona."

"Ayi. Lembani moni."

"Moni?"

"Moni kaye."

"Madala, mafunso ndi ambiri. Mwayi ndi umodzi. Akatiwerenga kamodzi satiwerenganso."

"Inu a m'tauni," anatero. "Munthu sumugenda ndi matenda ngati mwala. Pagulu la alendo! Mwana akomoke azungu akuona? Moni kaye. Akayankha, tinena."

"A Yesaya, mverani mwanayu," anatero a Mervis. "Za mwambo tichita mawa."

"A Mervis, mbumba iyi si yanu."

Ndinayang'ana mayi Teleza kuti mwina anenepo. Maso awo anali pa juzi yofiira ija. Sanali nafe.

Ndinalemba. Moni Tisungane, ndine atsibweni ako kuno ku Thyolo, uli bwanji kumeneko. Ndinalemba m'Chingerezi kuti mzunguyo amve. Ndinatumiza.

Funso loyamba linali la mitengo ya tiyi pamsika wa kunja. Lachiwiri la kusintha kwa nyengo. Bambo wa magalasi anayankha motalika. Batire inkatsika. Ndinalumikiza ina.

Kenako mzungu uja anaomba m'manja ngati wapeza ndalama pansi. Anati pali uthenga wokoma kwambiri, wochokera ku Malawi kwenikweniko, kwa achibale a Tisungane. Dzina linamuvuta. Analitchula kawiri. Yesaya.

Ndinaona nkhope ya Tisungane ikutsekeka. Sanakwinye. Inangotsekeka, ngati sitolo madzulo. Anayang'ana pansi. Anamwa madzi. Atadzutsa mutu anayankhula Chichewa, chouma, cha munthu amene wachisunga nthawi yaitali osachigwiritsa.

"Ndili bwino. Kaya inu."

Basi. Anabwerera ku Chingerezi, napempha funso lotsatira.

Koma mayi Teleza anali atamva. Usiku wonsewo ndi mawu okhawo amene anawamva. Anasuntha pachifuwa cha a Mervis, naphatikiza manja awo owonda, nawomba pang'onopang'ono mwaulemu.

"Ifenso tili bwino, mwanangu," anatero. "Tili bwino ndithu."

Pakona ya sikirini panali kachithunzi ka maikolofoni kodulidwa ndi mzere wofiira. Ndinkakayang'ana kameneko. Kwina sindikanatha.

"Wayankha," anatero a Yesaya. "Tsopano lembani. Lembani zonse."

Ndinalemba msangamsanga. Mayi ako Teleza akudwala kwambiri. Chipatala chawabweza. Ali pano akukuona. Imba pa nambala iyi. Ndinatumiza. Uthengawo unakakhala pansi pa mulu wa mafunso ena, ndipo ena ankabwerabe pamwamba pake. Ndinatumizanso. Ndinadina pamene amati kwezani dzanja. Kadzanja kachikasu kanaoneka pafupi ndi dzina la Yesaya.

"Kameneko n'chiyani?"

"Tikupempha kuyankhula."

A Yesaya anaimirira, nakweza dzanja lawo lenileni. Amuna ena awiri pabwalo anakwezanso awo. Sindinawaletse.

Mzungu anati funso lomaliza. Linali la mapepala okutira tiyi, ngati amawola kapena ayi. Pamene bambo wa magalasi ankayankha, maso a Tisungane anapita kumbali. Ankawerenga kanthu? Ankaona nthawi? Ndadzifunsa funso limeneli m'maminibasi ambiri. Sindidziwa. Chimene ndinaona n'chakuti kabokosi ka nkhope yake kanada ena asanatsanzike. Panatsala dzina lokha, zilembo zoyera.

Enawo anabayibitsa akumwetulira. Kanyimbo kaja kanaliranso. Kenako panabwera nyenyezi zisanu zopanda utoto.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Yesaya, dzanja likadali m'mwamba.

"Akufunsa ngati mwakhutira ndi msonkhano."

Anatsitsa dzanja. Analiyang'ana. Analilowetsa m'thumba la jekete.

Anthu anabalalika osatsanzikana. Powanyamula kubwerera m'nyumba, mayi Teleza anandigwira malaya.

"Wandiona," anatero. Silinali funso. "Anandiyang'ana m'maso. Wandifunsa ndi moyo womwe. Ameneyu abwera."

A Mervis anandiponda phazi.

Ndinalembera a msonkhanowo pa adiresi imene inali pa chilengezo. Yankho linabwera nthawi yomweyo, la makina: zikomo chifukwa chokhala nafe, adiresi ino siwerengedwa ndi munthu. Ndinasiya foni pakona ya khonde paja, yoyatsa, nditaivundikira ndi beseni kuopa mame. Anandiyalira pabalaza. Kuseri kwa katani chifuwa chija sichinapume.

Kutacha ndinavundukula beseni. Palibe anaimba.

Fakitale inaliza wezulo. M'nkhungu anthu ankatsika m'malayini, madengu kumsana, mapulasitiki m'chiuno. A Yesaya anatuluka ndi chikwanje chawo chodulira. Jekete anali atavula. Anaoneka okalamba kuposa dzulo.

"Nambala munalemba ija ndi yanu?"

"Ndi yanga."

"Mukamva kanthu..."

"Ndikuuzani, madala."

"Mukadzalembanso," anatero akuyang'ana kuminda, "dzina langa musaike."

Analowa m'nkhungu. Ndinamanga chikwama. Miyendo inali itayamba kale kundiyabwa, monga imachitira, koma tsiku limenelo ndinachita nayo manyazi.

Ndikutuluka ndinamva phokoso la tsache. Ndinaganiza kuti ndi a Mervis.

Anali mayi Teleza. Kaya anafika bwanji pabwalo, sindidziwa. Mawondo a chitenje chawo anali ndi matope. Anakhala pansi, miyendo yotambasula, bulangeti litagwa paphewa limodzi. Ankasesa. Akakoka tsache kamodzi, apume. Akoke kachiwiri, atsokomole.

"Mayi, mukudzipweteka. Mukusesa chiyani m'mawa uno?"

"Alendo a ku Ulaya sazolowera zinyalala," anatero osadzutsa mutu. "Pitani bwino, bambo."

Ndinayenda mpaka pamene tiyi wayambira. Ndinacheuka. Bwalo lonse linali masamba a bulugama ndi mapazi a anthu a dzulo. Poyera panali pamodzi pokha, kachigawo kozungulira kutsogolo kwawo, polekezera mkono. Iwo ankasesabe pomwepo.