Koloboyi wa Dzanja Lamanzere

A Nangozo anaima pakhomo, manja atawapisa m'khwapa chifukwa cha chisanu, akuyang'ana amisiri awiri amene ankapachika chinthu cha mapiko atatu kudenga la nyumba yawo. Unali mwezi wa Juni. Nkhungu ya ku Bembeke inali isanachoke m'mitengo ya mapichesi, ndipo nkhuku zinali zitaunjikana kuseri kwa nkhokwe ngati zili pamaliro.

"Chimenecho chikadzamasuka chidzadula munthu khosi," anatero. "Mangitsani. Inu muli pamwambanu, musagwire waya ndi manja onyowa. Makwerero anuwonso akutsimphina mwendo umodzi."

"Sichingagwe, agogo. Ndi fani imeneyi," anayankha Miracle, mdzukulu wawo. "Kufakitale ndimaziyesa ndine zisanapite kumsika."

"Fani ya chiyani ku Dedza kuno? Mphepo tili nayo yaulere, yochita kulowa m'mafupa. Akanatibweretsera bulangete."

Amisiri aja anaseka. Anthu ankawaseka choncho a Nangozo kuyambira kalekale. Sukulu sanaipondeko, koma ngozi ankainunkhiza ikadali kutsidya la mtsinje. Osaima pakhomo mvula ikamagunda. Osawoloka msewu wa pa Chimbiya kuseri kwa minibasi. Osaseka munthu wolumala uli ndi pakati. Pakamwa pawo sipankauma machenjezo, ndipo ambiri mwa iwo ankangogwera pansi ngati mankhusu.

Tsikulo mtima wawo unali m'mwamba kuposa masiku onse. Mwana wawo wamng'ono, Bartholomew, amene pamudzi ankangomuti Bato, anali atabwera ndi galimoto ziwiri komanso munthu wojambula. Kampani yake ya Bato Lights inkakonza chikondwerero chachikulu ku Lilongwe, ndiye ankafuna kanema woonetsa kumene zonse zinayambira. Fani ija, yokhala ndi babu pamimba pake, anaipachika kuti dziko lione kuti mayi wa bwana nawonso akudyerera.

Kumene zinayambira a Nangozo ankakudziwa bwino, pakuti zinayambira pakhonde lawo lomwelo. Mwana wawo wamkulu, Misheck, ndiye ankatola zitini za mkaka n'kumazidula ndi sizasi yakale ya bambo ake. Koloboyi aliyense wa nthawi imeneyo ankazima mphepo ya m'mapiri ikangomupuma, koma Misheck anaganiza zowotcherera kachitsulo kopindika pambali pa lawi, kotchinga mphepo. Amayi ogulitsa kachewere usiku m'mbali mwa msewu anazilimbirana nyalizo. Bato, amene panthawiyo ankaphunzira ku Kabwazi, ankazinyamula Loweruka kukazitsatsa m'mawindo a mabasi pa Chimbiya, popeza pakamwa anali napo potsekemera. Mmodzi manja, mmodzi lilime.

Kenaka asidi wowotcherera anamuthovukira Misheck m'maso. A Nangozo anali atachenjeza za asidiyo mpaka mawu kusasa. Dzuwa linamulowera mwana wawo masanasana, ndipo Bato ananyamula zida zonse kupita nazo ku Lilongwe, akuti kukasunga ntchito ya banja. Inasungikadi. Makoloboyi anabala nyali za mabatire, za mabatire zinabala za dzuwa, kenaka kunabwera mababu, pomaliza mafani amene lero akuzungulira m'mahotela a ku Salima ndi m'maofesi a ku Nsanje. Ntchito imene inayamba ndi kutchinga mphepo inalemera ndi kugulitsa mphepo. Koma m'kukula konseko dzina la Misheck linatsalira m'njira, ngati mwana wogwa kumsana mayi ake akuthamangira basi.

Misheck anali pakhondepo tsiku limenelo, akusankha mbewu ya kachewere ndi zala. Yabwino ankaiponya m'dengu, yowola pambali. Phu. Phu.

Bato anatuluka m'galimoto atavala jekete lalitali laubweya.

"Achimwene, mwadzuka bwanji? Tasunthirani uko pang'ono, kamera ikufuna khoma lokhalokha."

"Ndasuntha, Bato," anatero Misheck, akukoka dengu lake. "Kusuntha ndinakuzolowera."

Bato anachita ngati sanamve. Anatembenukira kwa mayi ake. "Amayi, koloboyi woyamba uja mukadali naye?"

"Alipo. Ndiye amandiunikira magetsi anuwa akathawa."

"Tikamuika m'bokosi lagalasi pakhomo la ofesi. Aliyense wolowa azidzamuona. Inu mungonena pakamera kuti ndinamupanga bwanji, mawu awiri atatu basi."

A Nangozo anamuyang'anitsitsa Bato. Anazindikira kuti mwana ameneyu, amene anamupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje, masiku ano ankamuyankhula ndi "inu" ngati mlendo wochokera kuboma, ndipo sankakumbuka tsiku limene zinayamba.

Amisiri atatuluka, a Nangozo analowa m'nyumba kukatenga nyaliyo. Inkakhala pakathabwa kokhomeredwa kukhoma, ndipo pamwamba pake mwaye wa zaka zonsezo unali utajambula chinthu chakuda chooneka ngati lilime la ng'ombe. Miracle anawatsatira n'kutseka chitseko.

"Agogo, chonde, mukanene zimene abambo aang'ono akufuna."

"Ukuti ndiname? Bambo ako ali pakhondepo. Maso ndiwo anafa, makutu ali moyo."

"Ndikudziwa." Mtsikanayo anatsitsa mawu. "Kunali mkulu wina wa pa Chimbiya kufakitale, wolondera pageti. Anauza alendo kuti nyali yoyamba anapanga ndi ababa. Mwezi usanathe anamuuza kuti wakalamba, azikapuma. Ine ndikachotsedwa ndipita kuti, agogo? Mankhwala a ababa agula ndani? Ndibwerere kudzagulitsa kabichi pamsewu?"

A Nangozo anamuyang'ana mdzukulu wawo, zala zake zazitali zofanana ndi za bambo ake. Khoswe anali atakhala pamkhate. Ukamuponyera mwala, waswa mkhate wako womwe.

Alendo aja atalowa, anawakhazika a Nangozo pampando pansi pa fani ija, Bato pambali pawo. Wojambula, bambo wa ndevu zometedwa bwino dzina lake Macdonald, anapempha kuti nyaliyo iyatsidwe kuti chithunzi chikome. Bato anakhwatcha machesi, n'kunyamula koloboyi ndi dzanja lamanja. Lawi linapendekera kuchala chake chachikulu.

"Gwirani ndi lamanzere, mupsa!" anakuwa a Nangozo asanaganize.

Ndi mmene nyaliyo inaliri. Woipanga anali wamanzere, ndipo chogwirira ndi kotchinga mphepo kaja anaziika molingana ndi dzanja lake. Ukaigwira ndi lamanja, inkaluma.

Macdonald anaseka. "Kani bwana munali amanzere muli mwana?"

"Ndinkagwiritsa onse awiri," anatero Bato, akuyamwa chala. Maso ake anagwera pa mayi ake n'kukhala pomwepo, osaphethira.

"Chabwino. Amayi, yang'anani kuno. Tiuzeni, nyali imeneyi anaipanga ndani?"

Chitseko chinali chotsegula. Kunja kunkamveka kachewere akugwera m'dengu. Phu. Phu. Kuseri kwa wojambulayo Miracle anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. A Nangozo anafunafuna kanjira kodutsa pakati, kamene sikaponda mwana aliyense. Anakapeza, ndipo panthawiyo kanaoneka ngati nzeru.

"Anapanga ndi mwana wanga," anatero. "Mwana wanga, ndi manja ake, pakhonde lomweli."

"Zokoma zedi!" anatero Macdonald, ndipo anatembenuza kamera n'kuilozetsa pankhope ya Bato, amene anaweramitsa mutu modzichepetsa.

Kunja kachewere anasiya kugwa.

Zotsalazo zinatha msanga. Anayatsa fani kuti ajambule ikuzungulira, ndipo mpweya wake woyamba unazimitsa koloboyi uja, onse n'kuseka. Anamukulunga m'nsalu yoyera ngati mtembo wa khanda n'kumuika m'galimoto. Bato anasiya thumba la shuga ndi sopo patebulo. Miracle anagwada pafupi ndi bambo ake kutsanzika.

"Pita bwino, mwanawe," anatero Misheck, akumusisita kumutu. "Ukagwire ntchito. Usamayese mababu ukuwayang'anitsitsa, maso sagulitsa kusitolo."

Galimoto zitazimiririka m'nkhungu, a Nangozo anakhala pansi pakhondepo, patali pang'ono ndi mwana wawo. Anatola mbatata imodzi n'kumaitembenuzatembenuza.

"Sindinaname, Misheck."

"Ayi, simunaname."

"Ndinati mwana wanga. Iwe si mwana wanga kodi?"

"Ndine wanu, amayi. Munatibereka awiri." Anamwetulira, maso ake oyera aja ataloza kuphiri limene sankaliona. "Mawu amenewo tigawana ine ndi Bato, monga mmene tinagawanira kampani."

"Ndimaopera Miracle."

"Ndamva zonse. Chitseko cha nyumba yanu n'chopyapyala." Anapapasa dengu lake n'kuliika pamutu. "Munandichenjeza za asidi, za msewu, za mphezi, za anzanga akumowa. Chinthu chimodzi chokha ndiye munaiwala kundichenjeza."

Sanachitchule. Anatsika khonde, phazi likufufuza njira imene linaizolowera, kulunjika kukanyumba kake kuseri kwa mapichesi. A Nangozo anatsegula pakamwa kuti amuuze za muzu umene unatumphuka panjirapo, koma anachedwa. Misheck anaudumpha yekha muzuwo.

Mapanga awiri avumbwitsa, amatero akuluakulu, koma sanena kuti mvula yake imazizira chotani.

Dzuwa la mu Juni silichedwa kulowa. M'nyumba mutayamba kuda, dzanja la a Nangozo linapita lokha pakathabwa kaja n'kupeza fumbi. Anapapasa khoma kufuna swichi yatsopano. Ataidina, babu linawala mbee, ndipo nthawi yomweyo mapiko atatu aja anayamba kuzungulira, kuwakhuthulira chisanu pamutu. Anadinanso. Mphepo inaleka, mdima n'kubwerera. Pothamangira kujambula, amisiri aja anali atalumikiza zonse ziwiri pawaya mmodzi.

Anaima pakhomo n'kuitana.

"Misheck! Chinthu ichi sichingayake popanda mphepo yake?"

Yankho linabwera kuchokera m'mitengo muja, lofatsa, lopanda mkwiyo.

"Sindikudziwa, amayi. Ine mdima sundivuta."

A Nangozo anabwerera m'nyumba. Anadina swichi ija, nadzikulunga chitenje chachiwiri, n'kukhala pampando womwe uja pansi pa kuwala kozizira. Pakhoma, mphepo ya fani inali itayamba kunyambita mwaye wa koloboyi. Tizidutswa takuda tinkayoyoka pang'onopang'ono, n'kumagwera m'thumba la shuga limene linali lotsegula patebulo. Iwo anangoyang'ana, ndipo sanachenjeze munthu.