Zitsekerero pa Thireyi ya Chipatala

Aphunzitsi anakhuthula zitsekerero za mabotolo ndi mabokosi a machesi pa thireyi ya chipatala, mwana wawo wamkazi n'kugwira pakamwa.

"Bambo, manyazi mulibe? Amayi ali chonchi, inu mwabweretsa ntchito?"

Kwa zaka makumi atatu Aphunzitsi ankafufuza tanthauzo la mawu ngati "onse", "aliyense" ndi "limodzi". Chiganizo chilichonse ankayamba achiyesa pa mkazi wawo. Zitsekerero zinali ana, mabokosi anali mabuku, ndipo mayiwo ankaziyala patebulo mmene amvera, uku akunyogodola kuti, "Anzanu akumanga nyumba, inu mukuwerengetsa zitsekerero mabuku."

Tsopano sitiroko inali itawalanda mayiwo mawu ndi dzanja lamanja. Adokotala anati mwina samvanso kanthu. Ana anagwirizana okha kuti mayi awo akatuluka m'chipatala akakhale kwa mwana wamkaziyo, ulendo wa tsiku lathunthu. Aphunzitsi zinawawawa kuti mwini wake sanafunsidwe.

"Amayi," anatero Aphunzitsi, "ana onse anawerenga buku limodzi."

Panapita nthawi. Kenako dzanja lamanzere linakwawa ngati la mwana wophunzira kudya. Linakankhira bokosi limodzi pakati, zitsekerero zitatu n'kulizungulira. Litapuma, linapatsa chitsekerero chilichonse bokosi lakelake. Mayiwo anawayang'ana amuna awo ndi diso lija la kunyumba, lonena kuti nanga funso lake ndi lomweli?

"Mwaona? Njira zonse ziwiri! Akumva!" Aphunzitsi anaseka misozi ili mbwembwembwe. Mwana uja anagwada pambali pa bedi.

"Ndiye afunseni, bambo."

Aphunzitsi anaika mabokosi awiri motalikirana. "Ili ndi kwathu, kwa ine. Ili ndi kwa mwana wanuyu. Chitsekerero ichi ndinu."

Mumtima Aphunzitsi anali atayamba kale kuwakonzera chipinda kwawo. Mayiwo anayang'ana manja a amuna awo, manja owonda amene dzulo lake analephera kuwadzutsa pa pilo. Anakankha chitsekererocho pang'onopang'ono mpaka chinagunda bokosi la mwana.



"Mwina sanamvetse," mwana uja ananong'ona, powamvera chisoni bambo ake. "Mubwerezenso."

"Ayi, mwanangu. Amayi ako sanayankhepo molakwa."

Aphunzitsi anatolera zitsekerero zija m'thumba, koma chimodzicho anachisiya pomwepo. Kenako anafunsa kuti basi yopita kwa mwanayo imanyamuka nthawi yanji.