Pepani Sala, Sitinamve

Zaka zonse zimene a Makwinja anaphunzitsa sayansi ku Lirangwe, ankatseka phunziro ndi funso limodzi: "Mwamva?" Ana ankayankha pamodzi ngati kwaya: "Eee, sala!" Paja mwana woleredwa bwino sauza munthu waimvi kuti mawu ake apita ndi mphepo. A Makwinja ankasasa choko m'manja, mtima uli m'malo.

Teremu yawo yomaliza, asanapume pa ntchito n'kubwerera kwawo ku Chileka, sukulu inalandira matabuleti oyankha mafunso ngati munthu. Tsiku lina pa buleki a Makwinja anapeza Thandizo, mtsikana wa Fomu 3 amene m'kalasi pakamwa pake pankakhala ngati posoka, akulimbana ndi tabuleti kuseri kwa ofesi.

"Sindinamve. Ndege n'chitsulo, ikwera bwanji m'mwamba?"

Makinawo anafotokoza.

"Sindinamvebe. Yambiranso."

Phunziro limenelo a Makwinja anali ataphunzitsa dzulo lake, ndipo Thandizo anali nawo pa "Eee, sala" uja. Zinawapweteka. Nzeru za makinawo analibe nazo nsanje. Chimene anasirira ndi mawu a mwanayo. Ndi ana angati anadutsa m'manja mwawo "sindinamve" atawatsakamira pakhosi? Ankalakalaka mmodzi yekha atawauza iwo mawu amenewo asanachoke.

Anachonderera, ananyengerera, anawakumbutsa kuti safunsa anadya phula. Ana ankangoyang'ana pansi n'kumamwetulira mwaulemu, kenako n'kukafunsa tabuleti.

Tsiku lomaliza, katundu wawo atamangidwa kale pa njinga ya kabaza panja, ndege yochokera ku Chileka inadutsa chapatali. M'kalasi ya Fomu 3, a Makwinja anaika pepala pansi pa mlomo n'kuuzira pamwamba pake. Pepala linadzuka. Anafotokoza za mpweya ndi mapiko, kenako anati, "Dzulo nanenso ndinaiuza tabuleti ija kuti sindinamve. Sinandiseke, ndipo imvi zanga sizinathothoke." Kenako anafunsa, "Mwamva?"

"Eee, sa..."

Benchi inalira. Thandizo anali ataimirira, manja kumbuyo, maso pa simenti.

"Pepani sala. Sitinamve."

A Makwinja anatembenukira ku bolodi n'kukhalitsa kumeneko, kuti ana asaone zimene zinkachitika m'maso mwawo. Panja wakabaza ankaliza belu.

"Edson," anaitana mnyamata wa pafupi ndi khomo, "kamuuze atsitse katunduyo."

Anafufuta bolodi lonse n'kutenga choko chatsopano.