Thileyi ya Abiti Zakariya

Cacilda anamva fungolo asanakhotere n'komwe m'kanjira ka kwawo. Ankachokera kumsika wa ku Cuamba, dengu la tomato lili pamutu, ndipo fungo linamuchingamira ngati m'bale wake: la mafuta, la mchere, la kautsi pang'ono. Agalu a m'dera lonse anali atakhala kale pachipata mwaulemu, ngati anthu odikira sitima.

Kukhitchini anapeza amuna ake, a Dinis, atagwada pamaso pa uvuni, kansalu kopukutira mbale kali paphewa. Bambowa ankagwira ntchito kunjanji, ndipo chikwatiraneni anali asanawiritsepo ngakhale madzi a tiyi. Dzulo lake anabwera kuchokera ku Nampula ndi kaphukusi ka bekoni, nyama ya nkhumba ija yodulidwa mopyapyala ngati lamba.

"Mayi a Tina, bwerani mudzaone sukulu," anatero osatembenuka. "Iyi sakazingira pachiwaya ayi. Umayala bwinobwino, kalikonse pakepake, osasanjikiza. Mafuta osathira, imadzikazinga yokha. Mnzanga wa ku Nampula ndiye wandiphunzitsa."

Cacilda anatula dengu n'kusuzumira pagalasi. Nyama inkathetheka, ikukwinyika m'mbalimu, ikufiira mokoma. Malovu anadzaza mkamwa, bodza n'loipa. Kenako maso ake anatsikira pa chimene nyamayo inagonapo.

"Bambo a Tina, thileyi imeneyo mwaitenga kuti?"

"Inali momwemo."

"Inali momwemo chifukwa eni ake amaisiya momwemo!"

Eni akewo anali Abiti Zakariya a nyumba yoyandikana nayo, Myao wa ku Mandimba, Msilamu wosadumphitsa swala. Iwo analibe uvuni. Chiyambire pamene a Dinis anagula wawowu, Abiti ankabwera m'mawa uliwonse ndi beseni la ufa wokanda, n'kuphika bolo, keke uja wogulitsa kusiteshoni. Ana awo ankadyera bolo ameneyo. Ndipo pamene bolo ankafufuma, amayi awiriwa ankakhala pamphasa n'kumasenda anthu a m'dera lonse mmodzimmodzi ngati chinangwa. Cacilda sankadziwa kuti m'mawa wopanda Abiti angautani.

A Dinis anakanda m'mutu. Anatulutsa thileyi, nyama ili gwa, yowala, mafuta akuyenderera m'makona.

"Sopo alipo," ananong'ona. "Mutsuke msanga, muibwezere. Adziwa bwanji?"

Cacilda anatengadi sopoyo. Anaima naye pamenepo, akuyang'ana thileyi. Kutsuka kunali kosavuta. Chovuta chinali mawa, kudzaona mnzake akutchula dzina la Mulungu wake pothira ufa pa chitsulo chomwecho, iye ali pambali akumwetulira ngati munthu. Koma akanena, mwina Abiti sadzapondanso pakhomopo. Anaika sopo pansi, namanga bwino kapulana m'chiuno, napita kumpanda wa bango.

"Odi, a vizinya!" anaitana, poti kumeneko woyandikana naye nyumba amamutchula choncho.

Abiti Zakariya anali pansi pa mtengo wa mango akusankha mpunga. "Odini. Alendo anuwo afika kale kuno, apereka moni m'mphuno."

"Pepani ndi fungo."

"Nyumba yanu, nkhumba yanu. Ine ndingotembenuza mphuno."

"Si pachiwaya, anzanga. Aphikira mu uvuni," anatero Cacilda. "Pa thileyi yanu."

Zala za Abiti zinaima m'lichero. Anatola kamwala, nakayang'anitsitsa ngati kali ndi nkhope, nakataya. Nkhuku inathamangira, inakajompha, inachoka yokhumudwa. Cacilda anagwira bango la mpanda mpaka linathyoka.

"Mukanatha kutsuka osandiuza," anatero Abiti mapeto ake.

"Sopo ndinamugwira."

"Ehe." Anapeta mpunga kawiri katatu. "Thileyiyo ikhale yanu basi. Mwaibatiza kale, ipite nanu kutchalitchi."

"Nanga uvuni?"

Apa Abiti anapumira m'mwamba. Anafotokoza kuti kwawo, chimene nkhumba yakhudza amachitsuka ndi madzi mobwerezabwereza, ulendo umodzi ndi madzi osakaniza dothi. Sopo yekha sakwanira, ngakhale wonunkhira wa ku Nampula. "Koma ine dzanja langa silingalowemo. Ndipo sindikulonjeza. Mtima ukakana, wakana."

"Manja alipo," anatero Cacilda. "Aakuluakulu, ozolowera zitsulo."

A Dinis anadya bekoni wawo ali chiimire, mothamanga, osamva n'kukoma komwe. Cacilda anatolako kamodzi, kenako kena, poti kutaya chakudya nakonso ndi tchimo. Uvuni utazizira, bambo anavula malaya a ntchito, natenga khasu, nakakumba dothi lofiira kuseri kwa bafa.

Masana onse anthu odutsa ankangoona miyendo ya a Dinis itatulukira pakhomo la khitchini, mutu uli m'kati mwa uvuni. Abiti anakhala pampando panja, patali ndithu, akulamula ngati kapitawo.

"Kumwambako, bambo! Mafuta amadumpha."

"Ndapakako kale, mayi."

"Pakaninso. Tizitsulo ito tulutsani, tisambe patokha."

"Ine ndimakonza mabuleki a sitima, mukudziwa?" mawu anatuluka mu uvuni, omveka ngati a m'chitsime.

"Sitima simaphika bolo. Thirani madzi."

Pamene ankatuluka, dothi linali m'makutu, m'ndevu, ndi pamphuno. Abiti sananene kuti zakwana kapena ayi. Ananyamula mpando wawo n'kupita.

M'mawa mwake Cacilda anasesa pabwalo, nasesanso pomwe anasesa kale, khutu lili kumpanda. Dzuwa linakwera. Anayala mphasa, naikhalira yekha, naipindanso. Ndiye chipata chinalira. Abiti analowa ndi beseni pamutu ndi thileyi yobwereka kwa mlamu wawo m'khwapa. Sanapereke moni. Analunjika kukhitchini, nagwada, natsegula uvuni, nalowetsa mutu wonse mpaka mapewa. Ananunkhiza kumanja. Ananunkhiza kumanzere. Cacilda anaima pakhomo, manja ali pachifuwa.

Abiti anatulutsa mutu, nakonza mpango wawo.

"Muno mukununkha dothi," anatero. "Yatsani, a vizinya, ufa wanga ukugona."