Singano ya M'belo Lachinayi

Anzanga agogo awo anawasiyira minda, ena ng'ombe. Ine agogo anga aNangondo anandisiyira singano. Musaseke, chifukwa ngakhale singanoyo tinali oifuna atatu.

Inali singano yosokera fodya ndi ziguduli, yotalika kupitirira chikhatho changa. Agogo anaisula okha. Amuna awo anapita ku Joni n'kutchona komweko, njinga yawo n'kutsala ikuchita dzimbiri pakhonde. Tsiku lina agogo anazulako sipoko imodzi, anaimenya kumutu ndi nyundo yobwereka mpaka inaphwatalala, anaboolapo ndi msomali, kwinako n'kunola pamwala masiku atatu. Ankakonda kunena kuti pa njinga yonse ija chaphindu anatolapo ndi chimenecho, ndipo pa mwini wake sanatolepo kalikonse.

Anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti m'maesiteti a kuno ku Kasungu, ndipo anasamuka kasanu. Tenanti sasunga katundu. Lole ikabwera kudzakusamutsa umakwera ndi chimene chili m'manja. Miphika inasweka m'njira, mphasa zinatsala, mtondo anagulitsa. Singano yokha ndiyo inayenda nawo maulendo onsewo, chifukwa inkakhala yosomeka m'duku lawo.

Ndisakunamizeni kuti anali munthu wofewa. Agogo anali olusa, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko. Tikakhala m'chigafa kusoka masamba, mwana wosinza ankamugogoda pabondo ndi mutu wa singano yomweyo, ndipo mabondo anga anaidziwa singanoyo manja asanaidziwe. Koma liwiro lawo posoka sindinalionenso kwa munthu wina. Cha pakati pake singanoyo inapindika pang'ono, pamalo pamene chala chawo chachikulu chinakankha zaka makumi atatu. Nthawi zonse ndikaigwira, chala changa chinkapita chokha kukakhala m'kupindika kumeneko. Ndinkamva ngati ndawagwira chanza.

Anandipatsa atadwala, ife adzukulu aakazi atatu titakhala pambali pa mphasa yawo.

"Iwe Feliya, tenga," anatero. "Usaganize kuti ndimakukonda kuposa anzakowa. Kungoti ndiwe wekha sutaya zinthu."

Mawu amenewo ndinawasunga limodzi ndi singanoyo, ndipo anandipatsa matama osaneneka.

Nkhaniyi inachitika m'zaka za makuponi, ine ndi amuna anga a Lameki tikulima kamunda kathu cha kufupi ndi Santhe. Chaka chimenecho dzina lathu linatuluka, tinaombola feteleza wathu. Anali wa chimanga, koma theka tinathira fodya, monga ankachitira anthu ambiri amene lero amakana. Chimanga chinabwezera pobereka tizitsononkho ta manyazi. Fodya yekha anakondwa. Ndiye chiyembekezo chonse cha pakhomo, kuyambira chakudya mpaka malata amene tinkalota, chinali pa mabelo anayi.

Chaka chomwecho alangizi anatilalikira za zinyalala mpaka makutu kuwawa. Matumba a feteleza anali mbwee m'mudzi monse, anthu n'kumawasula kuti apeze luzi, ndiye timapulasitiki tinkapezeka m'fodya. Anatichenjeza kuti belo likapezeka ndi pulasitiki, nthenga ya nkhuku kapena kachitsulo, ku okushoni amalibweza. A Lameki anasanduka wapolisi. Nkhuku zathu zinakhala mwezi wathunthu zisanaponde m'chigafa.

Jeke yodindira mabelo m'dera lonse inali imodzi, ya a Davison, ndipo inali pamzere ngati chigayo. Ife inatipeza Lachitatu, lole ya kalabu yathu ya alimi ikubwera Lachinayi m'mawa. Amuna ankayala timitolo ta fodya m'bokosi la jeke n'kupanikiza, ine ndinkasoka chiguduli belo likaphwa. Loyamba, lachiwiri ndi lachitatu ndinasoka bwinobwino.

Akukonza zodinda lachinayi, thabwa la jeke linawapana a Lameki chala, magazi chuchuchu. Magazi pafodya safunika. Ndinavula duku langa msangamsanga kuti ndiwamange. Tsono singano yanga, monga ya agogo, inkakhala m'duku. Ndinaisolola n'kuisomeka pamulu wa fodya umene unali pafupi, n'kupita nawo kuseri kukawatsuka bala. Pobwera tinapeza a Davison, amene ankathamangira kasitomala wina, atapakira mulu wonse m'bokosi ndipo akumaliza kupanikiza.

Panthawiyo sindinakumbuke. Ndinapapasa kumutu, ndinayang'ana pansi, ndinasesa pakhomo pa chigafa.

"Mayi, dzuwa likupita," anatero a Davison. "Sokerani yangayi. Singano ndi singano."

Ndinasoka belo lachinayi ndi singano yawo ya m'golosale, maso ali pansi kufunafuna yanga. Jeke anaikweza pangolo, ng'ombe zinanyamuka. Fumbi la ngolo lisanathe n'komwe, ndinaona pamalo pamene panali mulu paja pali mbee. Ndinali nditaisokera ndekha m'kati.

"Bambo a Maureen," ndinawaitana amuna anga, "singano ya agogo ili m'beloli."

Anayang'ana belolo, anayang'ana ine, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono ngati nkhalamba.

"Mwatsimikiza?"

"Ndinaisomeka pamulu ndikukumangani chala."

"Ndiye tsopano wolakwa ndi chala changa?"

 Tonse tinkadziwa mmene zinthu zinalili. Belo ukalimasula fodya amafufuma, ndipo popanda jeke sungamubwezerenso m'chiguduli. Jeke inali itapita, ndipo kutipezanso inkafuna masabata. Lole ya kalabu sidikira munthu. Komanso mitengo ku okushoni imayamba bwino n'kumatsika msika ukamakalamba.

"Make Maureen, chapita chapita, dazi lilibe mankhwala," anatero. "Kasingano kamodzi m'belo lonseli adzakaona ndani? Loweruka ndikuguliraninso ina pa Santhe. Ziwiri ngati mukufuna."

"Inu amene mwathamangitsa nkhuku mwezi wonse chifukwa cha nthenga, lero mukuti chitsulo chipite ku okushoni? Akachipeza abweza belo, dzina la kalabu liipe. Mudzawauza chiyani anzanu?"

Ndinalankhula mokweza, ngati mlangizi weniweni. A Lameki anandisiya ndimalize.

"Musanamizire okushoni," anatero mofatsa. "Ikanakhala singano ya a Davison bwenzi mutakhala chete. Nenani zoona."

Ndinapsa mtima, chifukwa palibe chopsetsa mtima ngati mwamuna amene akunena zoona. Zoona zake zinali zakuti sindikanatha kupirira kuti singano imene inapulumuka maesiteti asanu ikathere m'fakitale ya anthu osaidziwa, itatayidwa ndi ine, Feliya wosataya zinthu. Ndinawauza choncho. Ndinalira, ndipo sindine munthu wolira wamba.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anayesanso. "Belo ili ladindidwa kale, lole mawa. Mukalitsegula, malata muwaiwale."

"Ndawaiwala."

Ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpeni. Anaimirira n'kundigwira dzanja. Ndinkaganiza kuti tilimbana, ndipo ndinali wokonzeka. Iwo anangondilanda mpeniwo n'kuuponya pakhonde.

"Musadule luzi, ndi logula," anatero. "Bweretsani mphasa."

Anagwada pabelopo n'kuyamba kumasula msoko wanga mfundo ndi mfundo, chala chomanga duku chili njo m'mwamba. Sanandiyang'ane. Koma anamasula.

Fodya anafufuma n'kudzaza mphasa ziwiri. Tinkatenga kamtolo kamodzikamodzi, kukapapasa, kukakutumula, n'kukaika pambali. Anthu odutsa ankaima kuti aone banja lopenga limene likumasula belo pamene anzawo onse akudinda. Mayi wina anafunsa ngati tapezamo njoka. Ndinamuyankha kuti inde, ndipo ikufunafuna anthu a mijedo.

Tinaipeza dzuwa litapendeka, cha pansi pa belo, itagona pakati pa mitsitsi ya masamba. Anaipeza ndi a Lameki, itawabaya chala china. Anandipatsira.

Ndinaipukuta pachitenje n'kuigwira monga mwa masiku onse. Chala changa chinapita kukafuna malo ake, koma chinangotsetsereka. Ndinaitembenuza, ndinaiyang'anitsitsa padzuwa. Jeke inali itaiwongola. Kupindika kumene agogo anakupanga zaka makumi atatu kunatha masana amodzi, ndipo singanoyo inali yowongoka ngati ya m'golosale. Bowo lopotoka la msomali lija linalipo, zipsera za nyundo zinalipo, koma chala cha agogo panalibe.

"Mwaipeza nanga, bwanji nkhope yagwa?" anafunsa a Lameki. Awa ndiwo mawu okha amene anatuluka madzulo amenewo, ndipo anatuluka mwangozi.

Ndinawaonetsa. Anaitenga, anaiyang'ana, n'kuloza mwala wa pakhonde kusonyeza kuti akhoza kuipindanso. Ndinawalanda msanga. Kupinda ndi mwala aliyense angathe.

M'mawa mwake lole inanyamula mabelo atatu. Woyendetsa anafunsa za lachinayi, a Lameki n'kungoti silinakonzeke. Jeke inabweranso patapita masabata atatu, ndipo a Davison anaseka mpaka kugwira nthiti. Belolo linayenda ndi ulendo wotsiriza wa kalabu, fodya atagwiridwagwiridwa n'kuyoyoka m'mphepete, mitengo itagwa. Malata sitinagule. Dzinja lotsatira denga linadontha penipeni pa bedi, mbali ya a Lameki. Mvula ikayamba ankangosuntha n'kunena kuti, "Agogo anu abwera." Ndinkangowasiya, chifukwa pamenepo ufulu wolankhula unali wawo.

Abale anga awiri aja nkhaniyi anaimva, monga nkhani zotere zimamvekera. Pamaliro ena mmodzi anandinong'oneza kuti, "Paja amati ndiwe wekha sutaya zinthu?" Ndinamuyankha kuti sindinataye, ndipo ndinali nayo m'duku nthawi yomweyo. Koma mumtima ndinkadziwa kuti chimene agogo anandisungitsa chinatsala m'jeke ya a Davison.

Sindinaibise m'sutikesi. Agogo akanandigogoda bondo kumanda komweko atamva kuti chida chikugona. Ndinapitiriza kusokera. Chaka choyamba chala chinatuluka matuza, chifukwa chinalibe pokhala. Kenako ndinazolowera, ndinasiya kuiyang'anitsitsa. Makuponi ankabwera chaka china, chaka china dzina losowa. Malata tinagula mochedwa ndi zaka zitatu. Maureen anakula, ndipo ndi mwana wotaya zinthu kuposa aliyense amene ndinamuona, moti za mtsogolo mwa singanoyi sindifuna kuganiza.

Chaka chatha tikusoka fodya m'chigafa, Maureen anaitenga kuti alowetse luzi. Anaigwira, anaitembenuza, n'kuigubuduza pathabwa. Inayenda modumphadumpha.

"Amayi, singano yanuyi ndi yopindika. Mumasoka nayo bwanji?"

Ndinamulanda n'kuiyang'ana padzuwa. Yayambadi kupindikanso, pang'ono chabe, koma osati pamalo akale paja. Ndinaika chala pomwe panali pa agogo, kenako pamalo atsopanowa. Kupindikaku kwatsikira kufupi ndi bowo. Chala changa n'chachifupi kuposa cha agogo.