Mafiti Makumi Awiri

Lolemba m'mawa nditafika ndi ngolo yanga ya mabanzi a soseji, ndinapeza miphika itatu ya simenti yodzalamo maluwa itaikidwa pomwe ndagulitsirapo kwa zaka zisanu ndi zinayi. Eni hotela ya pakonapo ankafuna ndichoke.

"Basi achimwene Shafik, zanu zada," anatero Ortiz, mlonda wa pakhomo, uku akuseka. "Akuti fungo la anyezi likuthawitsa alendo."

"Nanga iwe umadya anyezi yemweyu tsiku ndi tsiku, bwanji sunathawe?"

Wogulitsa aliyense m'misewu ya New York amayenda ndi tepi yoyezera, poti lamulo limati ngolo italikirane ndi khomo mafiti makumi awiri. Ndinagwada n'kuyamba kuyeza, anthu akundilambalala. Pakati pa mphika wachiwiri ndi wachitatu panali kampata, ndipo mafiti ankakwana. Ndinamasula bokosi la zakumwa la m'mbali mwa ngolo kuti ichepe, n'kukankha mpaka ngolo inalowa.

Kale ndikachedwa, anzanga ankandilanda malo. Lero palibe ngolo ina ingakwane pamenepo. Maluwa aja ndimathirira ndine, ndipo amene angathyole ngakhale limodzi andidziwa.