Mpando wa a Sizasi

Amuna anga ndi ometa tsitsi, ndipo mumsewu wathu aliyense amawatchula kuti a Sizasi. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi: galasi lalikulu losweka pakona, benchi ya odikira, ndi mpando wachikopa wozungulira, wokhala ndi potsamiritsa manja. Mpandowo amaupukuta m'mawa uliwonse kuposa mmene amapukutira nsapato zawo. Pakhalapo anthu amitundumitundu, aphunzitsi, zidakwa, akwati, ana olira. Eni ake okha ndi amene anali asanakhalepo. Limeneli ndi lamulo lawo la ntchito: amati wometa akakhala pampando wa kasitomala, wodutsa panja amaona ngati shopu yafa. Ngakhale tsiku louma lopanda munthu, ankaima pambali pake, chipeso chili m'thumba la malaya.

Matenda anabwera mwakachetechete. Ankadzuka m'mawa atatopa ngati usiku wonse amasenza matumba a simenti. Lero ululu uli m'mapewa, mawa m'chiuno, mkuja watsikira m'miyendo. Kunja kukazizira thupi lonse linkauma gwa. Mnzawo akawamenya paphewa popereka moni, ndinkawaona akuluma mano kwinaku akuseka. Masiku ena mawu ankawathawa, akufuna chipeso n'kumangoti, "Tandipatsani chija... chija." Munthu woti wakhala nacho m'manja moyo wake wonse!

Kuchipatala anawatenga magazi, anawajambula, zonse zinatuluka zabwinobwino. Anzawo a pabenchi, anthu oti pakamwa pawo sipapuma, anapeza nkhani.

"Umenewu ndi ulesi, a Sizasi. Kapena alamu akukudyetsani kwambiri?"

Dokotala wina, mayi wodekha, ndi amene anawafunsa mofatsa za tulo ndi kutopa, n'kuwasinikiza ndi chala malo osiyanasiyana mpaka iwo kudumpha. Anatchula dzina lalitali loti faibulomayalujiya. Anati thupi limakuza ululu ngati wailesi yokwezedwa mopitirira, kotero kuti ngakhale kukhudzidwa chabe kumapweteka. Anati matendawa sapha, koma ndi enieni, ndipo amapezeka kwambiri mwa amayi ngakhale abambo nawonso amadwala. Mawu omalizawo amuna anga sanawamve. Anangomva akuti "amayi".

"Musauze munthu," anandiuza tikutuluka pageti. "Ngakhale ana."

Ndinavomera, ngakhale zinandinyansa. Amuna anga ndimawakonda, koma ndi ouma mutu.

Chaka chomwecho mwana wathu wamkazi womaliza, amene timangomuti Chitsiriza, anabwerera kunyumba ali woyembekezera. Mwamuna wopereka mimbayo anali atasowa. Amuna anga anakalipa tsiku limodzi, mawu oti sindingawabwereze, kenako anakhala chete miyezi yonse. Mwana atabadwa, kamtsikana ka tsitsi lambiri, Chitsiriza anakatenga n'kupita nako kwa bambo ake pabalaza.

"Ababa, mdzukulu wanu uyu."

Iwo anaika manja kumbuyo. Anasuzumira, n'kuti, "Ndi wokongola," basi n'kutuluka panja.

Chitsiriza anayesanso tsiku lina, zinali zomwezo. Ine chifukwa ndinkachidziwa. Sabata imeneyo makina ometera anali atawapulumuka m'manja ali pakati pometa munthu, ndipo kunyumba anali ataswa kapu ya tiyi. Koma Chitsiriza ankangoona manja obisidwa kumbuyo aja, n'kumakumbukira mawu a tsiku limene anakalipa lija.

Tsiku lina masana ndinamupeza akupinda matewera n'kumalonga m'chikwama.

"Ndikupita kwa azakhali mawa, amama. Sindingalere mwana m'nyumba imene agogo ake amamuona ngati chinyalala."

Azakhali akewo amakhala kutali, ulendo wa tsiku lonse. Ndipo mwana wanga ndimamudziwa, mtima anatengera bambo ake. Akanapita ali wokwiya chonchi, sakanabweranso. Ndinachita mantha, kenako ndinapsa mtima.

"Bereka mwanayo, tiye," ndinatero.

Kushopu tinapeza kulibe kasitomala. Amuna anga anali ataima pamalo pawo, dzanja limodzi lili pamsana pa mpando, akusuntha miyendo mmene amachitira chiuno chikamawawa. Tsidya lina la msewu anzawo aja anali pamthunzi, maso ali kuno.

"Bambo," ndinayamba, "ine munanditseka pakamwa, ndiye nenani nokha. Mwana wanu akuchoka mawa. Akuti mumadana ndi mdzukulu wanu."

Anayang'ana ine, n'kuyang'ana pansi. Anatola tsache, n'kulibwezanso pakona. Pansi panali posesa kale.

"Ndikudwala, mwana wanga," anatero potsiriza. "Thupi lonse limandiwawa. Kuchipatala anandiuza dzina lake, amayi ako ndi amene amatha kulitchula."

Chitsiriza anaseka, kuseka kopanda chimwemwe.

"Ababa, tsiku lonse mumaima muno manja ali m'mwamba, kumeta anthu. Khanda ili ndiye lakulemerani?"

"Makina akagwa ndimatola," anayankha motsitsa mawu. "Akasweka ndigula ena. Nanga uyo?"

Chitsiriza anawayang'ana bambo ake kwa nthawi yaitali, kuyambira kumapewa mpaka kumanja, ngati akuwaona koyamba. Zala zawo zinali zitagwira chikopa cha mpando mwamphamvu, osati mwa mwini shopu wonyadira katundu wake, koma mwa munthu wofuna potsamira.

"Ndiye bwanji osanena?"

"Akuti ndi matenda a amayi."

"Dokotala sanatero," ndinalowerera. "Munamva zimene mumafuna kumva."

Chitsiriza anamasula mwana kumsana. Anayang'ana benchi, yopanda pogwira, yopanda potsamira. Kenako analoza mpando wachikopa uja.

"Khalani apo. Manja muike potsamiritsapo. Mwana sagwa."

Amuna anga anatembenukira kukhomo. Chitseko chinali chotsegula, ndipo anzawo tsidya lija anali atasiya macheza. Ine ndinadziletsa kuyankhula, chinthu chimene sindichita kawirikawiri.

Anatulutsa chipeso m'thumba, n'kuchiika pashelefu. Anazungulira mpandowo pang'onopang'ono, n'kukhala. Chikopa chinalira pang'ono. Anadziyang'ana m'galasi modabwa, poti nkhope yawo anali asanaionepo kuchokera pamenepo. Ndinapinda thaulo loyera n'kuwayalira pamiyendo, ndipo Chitsiriza anagoneka mwana pachifuwa pawo, mutu utatsamira pamkono.

Ndinaona nsagwada zawo zikulimba. Chitsiriza anaonanso.

"Akukupwetekani, ababa?"

"Eya."

"Ndimutenge?"

"Musiye."

Mwana anatsegula maso, n'kugwira batani la malaya awo. Iwo anayendetsa chala m'tsitsi lake, pang'onopang'ono, mmene amachitira akamaona mutu wa kasitomala watsopano.

"Tsitsi ili ndi la kwathu," anatero. "Lovuta kupesa. Asadzalikhudze wometa wina."

Chitsiriza anakhala pabenchi n'kuphimba nkhope ndi nsalu yoberekera. Za ulendo wa mawa palibe anazitchulanso. Ine mtima unakhala pansi, ndipo misozi ndinaisiya itsike.

Pakhomo panaima mthunzi. Anali mmodzi wa anzawo aja, wamkulu pakamwa kuposa onse, akusisita ndevu zake.

"Aaa, a Sizasi, mwakhala pampando? Kodi shopu mwatseka?"

Amuna anga sanadzuke. Sanachotse ngakhale maso pa mwana.

"Sitinatseke," anatero. "Dikirani pabenchipo, achimwene. Pampando pali munthu."